Momwe mungasankhire mtundu wa penti wa m'chipinda chodyera

Chipinda chathu chodyera ku Area 25 chinapentedwa kawiri m'mwezi umodzi, ndipo maulendo onse awiri ndalama zinatuluka m'thumba mwanga. Mmisiri sanalakwitse chilichonse, penti nayenso anali wabwino. Chinalakwika ndi mtundu umene ndinasankha ndili chiimire mu hadiweya, nditagwira kakhadi kochepa ngati bokosi la machesi. Ndi mmene penti wadulira kuyambira pomwe kwacha inagwa mu November 2023, sindikufuna kuti wina adzadutse momwe ndinadutsa ine. Nayi njira imene ndimatsata tsopano.

Choyamba: yang'anani zinthu zimene simuzisintha

Musanapite kokagula, khalani pampando m'chipindamo ndi kuona zimene zikhalemobe mukamaliza kupenta. Pansi ndi potani? Ngati ndi simenti yofiira yopaka polishi, dziwani kuti kufiira kwakeko kumakwera pakhoma kuwala kwa dzuwa kukalowa m'chipindamo, ndipo penti woyera amaoneka ngati wapinki cham'munsimu. Ngati ndi matailosi otuwa, kirimu wa chikasu kwambiri amakangana nawo. Onaninso tebulo. Lathu ndi la mlombwa, loderako, lofiirira. Pali kabati ya mbale, pali makatani. Khoma ndi limene liyenera kugonjera zinthu izi, chifukwa kusintha matailosi kapena tebulo n'kodula kuposa ndowa ya penti.

Nyumba zambiri za m'tauni, podyera n'polumikizana ndi pabalaza, pamangokhala kakhoma kafupi kapena khomo lopanda chitseko. Zikatero mitundu iwiriyo idzaoneka pamodzi tsiku lililonse. Imani pakhomo lolowera, pomwe mlendo amaima, muone makoma onse awiri nthawi imodzi. Mtundu wa podyera ukhale m'bale wake wa pabalaza, kaya woderako pang'ono kaya wowalako pang'ono.

Chachiwiri: dziwani kuwala kwa chipinda chanu

Windo layang'ana kuti? Kuno kwathu, m'miyezi yozizira ya June ndi July dzuwa limapendekera kumpoto, choncho windo loyang'ana kumpoto limalowetsa dzuwa lambiri. Loyang'ana kummwera silipeza dzuwa lenileni miyezi yambiri pachaka, kuwala kwake kumakhala kozizira. La kummawa limasangalatsa pa tiyi wam'mawa basi. La kumadzulo ndi limene limawotcha masana a October, ndipo mukapaka lalanje kapena chikasu chokhwima m'chipinda chotere, mudzadya nsima mukumva ngati muli mu uvuni.

Komanso kumbukirani kuti banja limakumana patebulo makamaka madzulo. Masana ena ali kuntchito, ana ali kusukulu. Ndiye kuti mtundu wanuwo mudzauona kwambiri ndi kuwala kwa babu. Tengani katoni ya babu muwerenge. Akalemba 6500K kapena Cool Daylight, ameneyo ndi babu woyera mbee wopita ku buluu, ndipo ndi amene wadzaza m'magolosale. Akalemba 2700K kapena 3000K, Warm White, kuwala kwake n'kwa chikasu pang'ono ngati kwa mababu akale aja. Khoma limodzi lomwelo limaoneka mitundu iwiri yosiyana pa mababu awiriwa. Podyera ine ndimakonda Warm White, chakudya chimaoneka chakupsa bwino. Sankhani babu kaye, kenako penti.

Chachitatu: tsalani ndi mitundu itatu

Mashopu akuluakulu ogulitsa Rainbow, Dulux kapena Plascon amakhala ndi makhadi a mitundu, uliwonse ndi dzina ndi nambala yake. Pemphani mupite nawo kunyumba. Kujambula pa foni sikuthandiza, foni iliyonse imaonetsa mtundu mwayokha, ndipo zithunzi za pa Facebook ndi Pinterest zija anazijambula m'nyumba za mawindo akuluakulu ngati zitseko za galaja.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndi a munthu amene wapukutapo makoma. Woyera mbee ndi wa siling'i. Pakhoma, m'nyengo ya fumbi la Lilongwe, sachedwa kufiirira, ndipo ife timadya ndi manja. Mwana akadzuka patebulo asanasambe m'manja, amagwira khoma ndi msuzi wa tomato. Kirimu, mtundu wa mchenga, wa khofi wothira mkaka wambiri, wa dothi la katondo wosungunula, imeneyi imabisa litsiro ndipo imagwirizana ndi matabwa. Mitundu yoderapo monga wobiriwira kwambiri kapena wofiira ngati njerwa ndi yokongola, koma ikani khoma limodzi lokha, lomwe kuli kabati, makamaka ngati chipinda n'chaching'ono. Musaiwalenso masiku ozima magetsi. Mukamadya ndi kandulo kapena kanyale ka sola, khoma lowala limabweza kuwalako, lakuda limangokumeza.

Chachinayi: yesani pakhoma penipeni, ndipo mudikire

Apa ndi pamene ndinagwa, ndiye ndilolereni ndifotokoze bwino.

Ndinasankha wobiriwira wotuwirako, ngati tsamba la bulugamu. Mu shopu muja munali machubu owala kwambiri, ndipo kakhadiko kanaoneka kofatsa, kaukhondo. Ndinagula malita 10 tsiku lomwelo. Mmisiri wathu, bambo wachikulire amene wapenta nyumba zambiri m'dera lathu, atatsegula chitini anaima kaye.

"Mayi, mwayesako pakhoma?"

"Ayi bambo, ndaona pa khadi. Ndi wabwino, yambani."

"Chabwino mayi, koma windo lanuli lili kummwera, ndipo kuli mtengo wa mangowo."

Sindinawamvere. Ndinkafuna ntchito ithe Loweruka chifukwa Lamulungu kunkabwera apongozi kuchokera ku Ntcheu. Kotu woyamba anaoneka bwino ndithu, poti anali wosauma ndipo zitseko zonse zinali zotsegula. Wachiwiri atauma, chipinda chinada. Kuwala kochepa kolowa pawindo kunkadutsa m'masamba a mango, n'kuwonjezera kubiriwira pa khoma lobiriwira kale. Madzulo titayatsa babu wathu wa 6500K ndi pamene mtima unandiwawa. Ndinapakula nsima ya ufa woyera, yomwe ndinaiphika bwinobwino, koma m'mbale inkaoneka yotuwa ngati yagonera. Chambo chokazinga chinataya kufiira kwake. Nkhope za ana zinkaoneka ngati akudwala. Apongozi anadya mwaulemu osanena kanthu, koma posamba m'manja anayang'ana khoma n'kufunsa mwakachetechete kuti, "Kodi mwamaliza kupenta, kapena uyu ndi woyambira?"

Tinayesa kusintha babu, zinasinthako pang'ono usiku, koma masana mdima unali womwewo. Patatha masabata atatu ana anayamba kutengera mbale zawo pabalaza. Ndinawaitananso bambo aja. Kuti tiphimbe wobiriwirayo panafunika kotu mmodzi woyera kaye, kenako awiri a mtundu watsopano, kuphatikizapo kulipiranso ntchito.

Ulendo wachiwiriwu ndi umene ndinaphunzira kayesedwe, ndipo kachitidwe kake ndi aka. Gulani kachitini ka lita imodzi ka mtundu uliwonse mwa itatu ija, kapena kocheperapo ngati alinako. Zimaoneka ngati kuwononga ndalama, koma malita atatu ndi ochepa poyerekeza ndi 10 otayika, ndipo wotsalayo mudzapentera sitolo kapena kakhonde. Pakani chigamba chachikulu, pafupifupi theka la mita mbali zonse. Kachigamba kochepa ngati chikhatho sikakuuzani zoona. Pakani kawiri, chifukwa kotu mmodzi amaonetsa penti wakale pansi pake. Pakani malo awiri: khoma loyang'anizana ndi windo, ndi khoma limene kuli windolo, lomwe limakhala lamdima kuposa onse. Ngati khoma lakale lili ndi mtundu wokuwa, pakani pa katoni yoyera kapena kachidutswa ka siling'i bodi, muziyenda nako.

Mukatero dikirani masiku awiri kapena atatu. Penti wosauma ndi wouma saoneka chimodzimodzi. Yang'anani m'mawa, masana, ndi madzulo babu atayaka. Chimene ndimauza aliyense ndi ichi: kokerani tebulo pafupi ndi chigambacho, mupakule chakudya chenicheni, nsima, nyemba, mpiru wothira tomato, mukhale pansi mudye. Yang'anani mbale, yang'anani nkhope ya amene mwakhala naye. Tsekani makatani, muwatsegulenso. Mukaona kuti mitundu iwiri ikukukokani mofanana, tengani wowalirapowo, chifukwa mtundu ukadzaza makoma anayi umakhwima kuposa mmene unalili pachigamba. Ife tinathera pa mtundu wa mchenga wopita ku chikasu pang'ono, umene pa khadi ndinkauona ngati wosasangalatsa. Pakhoma, pafupi ndi tebulo la mlombwa lija, unachita kukhala ngati chipinda chakula.

Chachisanu: gulani penti woyenera, wokwanira

Kuwala kwa penti nakonso kumasintha mtundu. PVA wamba, wa madzi uja, sawala ndipo amabisa mabampu a pulasitala, koma wotchipa kwambiri mukamupukuta ndi nsalu yonyowa amachoka. Podyera funsani wa madzi wochapika, amene amalemba kuti washable, silk kapena sheen. Gloss wa mafuta amachapika bwino, koma pakhoma lonse amanyezimira ngati m'khonde la chipatala ndipo amaonetsa paliponse pomwe womanga anapotoza. Musiyireni zitseko, mafelemu ndi sikating'i. Pogula wa mafutayo, makamaka wachikasu ndi wofiira, yang'anani kuti alemba lead free, chifukwa mtovu ndi poizoni kwa ana, ndipo onaninso chizindikiro cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu.

Kuwerengera kwake n'kosavuta. Chathu ndi mamita 4 m'litali, 3.5 m'lifupi, 2.7 kutalika kwa khoma. Kuzungulira ndi mamita 15, kuchulukitsa ndi 2.7 zikukwana 40.5. Mukachotsa chitseko ndi windo patsala pafupifupi masikweya mita 36. Makotu awiri ndi 72. Lita imodzi imapenta masikweya mita 8 mpaka 10 pakhoma losalala, choncho zitini ziwiri za malita 5 zimakwana n'kutsalako. Khoma la pulasitala watsopano limamwa kwambiri, onjezerani. Werengani pachitini, amalembapo.

Tsono chenjerani kogula. Pali timashopu tina timene timagulitsa ndowa ya malita 20 pamtengo wokoma modabwitsa. Ndowayo imakhala ya kampani yodziwika, koma zam'kati ndi zothira madzi ndi laimu. Mnzanga wina anagula yotere, anapaka kanayi khoma likuonekerabe, ndipo mpaka lero ukatsamira umachoka ndi ufa kumsana. Yang'anani chivundikiro ngati sichinatsegulidwepo, nyamulani mumve kulemera, funsani lisiti. Mitengo imasintha mwezi ndi mwezi, ndiye imbani mashopu atatu tsiku lomwe mukugulalo, muyerekeze. Ndipo kagulenitu nokha. Mukapatsa mnyamata wa ganyu ndalama kuti akagule, mtundu umabwera "wofanana ndi womwe uja", chenji osaoneka.

Komwe amasakaniza ndi makina, nambala ya mtundu imalembedwa pachitini, zimenezo ndi zabwino. Ngati mmisiri akusakaniza yekha penti woyera ndi timabotolo ta sitena kuti zitchipe, asakanize wokwanira chipinda chonse nthawi imodzi m'ndowa yaikulu. Akapereweza, sadzaupezanso mtundu womwewo, ndipo khoma lina lidzasiyana ndi linzake. Ngakhale zitini ziwiri za m'shopu, zithireni pamodzi muvundule.

Chachisanu ndi chimodzi: konzani khoma, pentani

Izi amisiri amazidziwa, ndingodutsamo. Pulasitala watsopano mudikireni pafupifupi masabata anayi aume, kenako pakani plaster primer, penti woyambira wa pulasitala. Khoma lakale litsukeni, makamaka mbali ya kukhitchini komwe kumafika utsi wa mbaula ndi mafuta, apo ayi chikasu chake chidzatulukira pamwamba pa mtundu wanu. Tsekani ming'alu ndi fila, kwechani ndi sandipepa. Ngati m'munsi mwa khoma mukufufuma kapena mukutuluka zoyera ngati mchere, chimenecho ndi chinyezi, thanani nacho kaye chifukwa palibe mtundu ungachibise. Pentani nyengo yopanda mvula ngati n'kotheka.

Yambani siling'i, kenako makoma, gloss pomaliza. Madzi othira mu PVA asapitirire omwe alemba pachitini, muziyang'anira, chifukwa akachuluka mtundu umafooka. Makotu awiri, wachiwiri woyamba atauma. Mawindo akhale otsegula, ndipo dikirani masabata angapo musanayambe kupukuta khoma ndi madzi.

Wotsala mutseke bwino, musunge pamthunzi. Dzina ndi nambala ya mtundu mulembe ndi pensulo kuseri kwa chitseko cha kabati, kuti mipando ikadzakanda khoma mudzagule womwewo.