Kuyeza mimba kunyumba: zimene ndinaphunzira kuno ku Nchalo

Nthawi yoyamba imene ndinadziyeza mimba kunyumba anali masana a mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Amene amakhala kuno kuchigwa akudziwa kuti nyengo imeneyo munthu umangokhalira kumwa madzi, ndipo ine ndinali nditatsiriza makapu atatu a mumtsuko. Kapepala koyezerako kanali katakhala sabata ziwiri pawindo la kuchipinda, m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Msambo unali usanachedwe n'komwe. Ndinangomva kamseru m'mawa, basi mtima n'kuyamba kuthamanga. Panatuluka mzere umodzi. Ndinalira, mwamuna wanga n'kukakhala pakhonde osayankhula mpaka dzuwa kulowa. Alamu anga, amene ndi namwino, atamva nkhaniyi anangoti, "Alamu, mwathamanga. Tsiku lolakwika, ola lolakwika, ndipo kapepalako mwina kanapsa kale pawindopo." Zimene ndikulembazi ndi zimene anandiphunzitsa iwo, kuphatikiza zimene ine ndi amuna anga tinaona tokha pa miyezi yambiri yodikira.

Kapepala kameneka kamafufuza mumkodzo homoni yotchedwa hCG. Thupi limayamba kuipanga pokhapokha dzira lokumana ndi mbewu ya abambo likamatirira m'chiberekero, ndipo kumatirirako kumachitika pakati pa masiku 6 ndi 12 dzira litatuluka. Poyamba imakhala yochepa zedi, kenako imawirikiza pa masiku awiri kapena atatu alionse. Timapepala tambiri ta m'mashopu a mankhwala timayamba kuiona ikafika pa 25 mIU/ml, nambala imene kawirikawiri imalembedwa papaketi. Mukayeza isanafike pamenepo, kakuonetsani mzere umodzi ngakhale mimba ilipo. Mawu aja a papaketi akuti kamalondola 99 peresenti amanena za munthu amene wayeza tsiku la msambo litakwana, ndipo watsata malangizo onse.

Choncho ntchito imayambira pa kalendala. Mwezi uliwonse lembani tsiku loyamba limene mwaona magazi. Kwathu amalemba ndi abambo akunyumba, pa kalendala ya kutchalitchi imene ili kuseri kwa chitseko, kadontho kakang'ono ka bolopeni kamene mlendo sangakazindikire. Pakatha miyezi itatu mudzaona kuti msambo wanu umabwera pakatha masiku angati. Ambiri ndi cha m'ma 28, koma kuyambira 21 mpaka 35 palibe chachilendo. Dzira limatuluka masiku pafupifupi 14 msambo wotsatira usanafike, limakhala lamoyo tsiku limodzi lokha, pamene mbewu ya abambo imatha kudikira m'thupi la mayi mpaka masiku 5. Tsiku loyezera ndi lotsatira limene munayembekezera msambo koma sunabwere. Ngati mtima ungapirire, dikirani sabata yathunthu, yankho lake limakhala losakayikitsa. Mukapeza mzere umodzi koma msambo osabwerabe, bwerezani pakatha masiku atatu mpaka sabata ndi kapepala katsopano.

Pali amayi amene kalendala siiwathandiza, ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo. Titangokwatirana ndinabayitsa jakisoni wa Depo, uja wa miyezi itatu, chifukwa tinkafuna timalize kaye nyumba. Nditasiya ndinkaganiza kuti mwezi wotsatira zonse zibwerera m'malo mwake. Msambo unasowa, kenako unayamba kubwera mwa apo ndi apo, nthawi zina timadontho chabe. Kusowa kulikonse ndinkakuyesa mimba, ndipo timapepala tinatha tambiri. Depo sapha chiberekero monga amanenera ena kudambwe kochapira, koma amachedwa kutha m'thupi. Amayi ambiri amatenga pakati patatha miyezi pafupifupi 10 chibayire jakisoni womaliza, ena mpaka kupitirira chaka. Ngati msambo wanu uli wosokonekera chonchi, werengerani kuchokera tsiku lomaliza limene munakhala malo amodzi ndi amuna anu, ndipo muyeze patatha masiku 21. Kuyeza sabata iliyonse n'kungodzivulaza mtima.

Tsopano za kutentha, chifukwa apa ndi pamene ife a ku Chikwawa ndi Nsanje timasiyana ndi anzathu a ku Dedza. Mapaketi ambiri amanena kuti kapepala kasungidwe pamalo osapitirira madigiri 30. Ku Ngabu, ku Nchalo kuno ndi ku Bangula, mu Okutobala ndi Novembala kumatentha kudutsa madigiri 40 pamthunzi, nanji m'nyumba ya malata masana. Mankhwala amene ali m'kapepalamo amafooka ndi kutentha komanso chinyezi. Pogula, muone pamene wogulitsa akukatenga. Ngati kali pashelefu yowombedwa ndi dzuwa, kapena pathebulo la pamsika pamodzi ndi mabatire ndi sopo, kasiyeni. Yang'anani deti yothera ntchito, mupapasenso kathumba kake konyezimira kuti muone ngati sikanabooke. Musagule tambiri tosunga. Awiri akukwana, koyezera ndi kobwereza. Kunyumba ine ndimaika m'kabotolo kouma kotseka bwino, pansi, pakona imene pamakhala mtsuko wa madzi akumwa, chifukwa ndi pamene pamazizira m'nyumba yonse. Kathumbako musakang'ambe mpaka nthawi yoyeza itakwana.

Nthawi yake ndi m'mamawa, ndi mkodzo woyamba, chifukwa ndi umene wakhalitsa m'chikhodzodzo ndipo homoni imakhala itaunjikana. Vuto lathu kuno n'lakuti usiku wa chilimwe timadzuka kawiri katatu kumwa madzi ndi kukataya madzi, ndiye pofika m'mawa mkodzo umakhala woyera ngati madzi a pampopi. Usiku woti mawa muyeze, imwani madzi okwanira madzulo, koma muyesetse kuti papite maola anayi musanakodze. Musadzizunze ndi ludzu, kungopewa kumwa makapu ambirimbiri pakati pa usiku.

Konzeranitu kakapu koyera, kouma, kopanda sopo wotsalira. Ine ndinadula botolo la madzi, n'kulitsuka ndi kuliumitsa dzulo lake. Mukatunga mkodzo, ng'ambani kathumba, gwirani kapepala kumbali yamtundu, n'kuviika mbali ya timivi. Pali mzere wolembedwa MAX, mkodzo usaupitirire. Masekondi oviika amalembedwa papaketi, kawirikawiri 5 mpaka 10. Mukachotsa, kagonekeni pamalo ouma osapendekeka. Ife tinkagoneka pa kathumba kake komweko pamwamba pa sutukesi. Mudzaona chinyezi chofiirira chikukwera pang'onopang'ono ngati madzi akulowa mumchenga wa m'mbali mwa Shire. Apa ndi pamene mwamuna amafunika. Manja a mayi amakhala akunjenjemera, maso akufuna kuona chimene mtima ukufuna. Amuna anga ndi amene ankagwira foni n'kutchera mphindi 5, ndipo ndikayamba kusuzumira ankati, "Dikirani kaye mayi, sizinakwane."

Mzere wakumtunda, umene pa zoyezera zina umalembedwa C, umangosonyeza kuti kapepala kagwira ntchito. Ukapanda kutuluka, kapepalako n'kowonongeka, katayeni, ngakhale mzere winawo utaoneka. Wakumunsi, wa T, ndiwo wa mimba. Mizere iwiri ndiye kuti mwaima. Ngakhale wachiwiriwo utakhala wofooka, bola uli ndi mtundu ndipo watuluka m'mphindi zimene paketi yanena, ndi mimba, kungoti homoni idakali yochepa. Mukabwereza patatha masiku awiri kapena atatu uyenera kuoneka wakuda kuposa poyamba. Chimene muyenera kupewa ndi kukatola kapepala kamene munataya. Pakadutsa mphindi 10 mkodzo umayamba kuuma, ndipo kuno umauma msanga, n'kusiya kamzere kotuwa kopanda mtundu pamalo a T. Ine ndinakatolapo masana m'dengu la zinyalala, n'kukaunika pawindo, n'kukhala masiku awiri ndikusangalalira chinthu chimene kunalibe.

Koma mwezi wina mzere wachiwiri unatulukadi, wofooka koma wofiira, mphindi zitatu zisanathe, ndipo tonse awiri tinauona. Ndinali nditayeza tsiku lenileni limene ndinkayembekezera msambo. Madzulo omwewo amuna anga anaimbira foni apongozi, chifukwa nthawi iliyonse tikapita kumudzi ankandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwana wanga, ine ndikukalamba, mbereko ndinagula kale." Patatha masiku anayi magazi anabwera, ambiri kuposa masiku onse. Kuchipatala anatifotokozera kuti mimba inalipodi koma sinapitirire, ndipo zotere zimachitikira amayi ambiri masabata oyambirira, kawirikawiri chifukwa dziralo silinapangike bwino kuyambira pachiyambi. Si chifukwa cha kusenza ndowa, kukwera kabaza kapena kulima. Kale amayi athu zikawachitikira ankangoti mwezi wachedwa, chifukwa panalibe choyezera. Chinandiwawa kwambiri ndi kubwereranso kwa apongozi kukawauza. Sindingauze banja lililonse tsiku louza makolo, koma mugwirizane awirinu musanayeze kuti mizere ikatuluka iwiri, adziwe ndani ndipo liti. Ndipo dziwani kuti mukapita padera kapena mukangobereka, homoni ija imatsalira m'thupi kwa masabata angapo, kotero kapepala katha kuonetsa mizere iwiri pamene mimba yatsopano palibe.

Zoyeza ndi mchere, shuga kapena mankhwala otsukira mano zimene zimazungulira pa Facebook ndi WhatsApp n'zabodza, mkodzo wa mwamuna umachitanso thovu chimodzimodzi. Panado, LA, mankhwala opha tizilombo ndi mapiritsi olera sasintha yankho la kapepala. Amene angasokoneze ndi majakisoni othandiza kubereka okhala ndi hCG, ndipo amenewo dokotala amakuuzani yekha.

Pali chinthu chimodzi chimene kapepala sikangakuuzeni: pamene mimba yakhala. Nthawi zina imakhala m'njira ya mazira, kunja kwa chiberekero, ndipo mizere imatuluka iwiri monga mwa masiku onse. Mukadumpha msambo n'kumamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, kutaya magazi, chizungulire, kukomoka kapena kupweteka pansonga ya phewa, musadikire kuche, ngakhale kapepala kataonetsa mzere wofooka kapena umodzi. Pitani kuchipatala chachikulu chimene chili pafupi, kaya ndi Montfort kuno ku Nchalo, chipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje, kaya Trinity ku Muona kwa a tsidya la kum'mawa. Anzanga a ku Makhanga ndi madera ena amene misewu imaduka mvula ikakula, monga tinaonera nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, musazengereze ndi ululu wotere nyengo ya dzinja, nyamukani njira ikadalipo.

Ngati miyezi ikupita mzere uli umodzi, musafulumire kuloza chala mkazi. Mwa mabanja 10 amene mayi sanafike zaka 40, oposa 8 amapeza mimba chaka chisanathe ngati akukhala malo amodzi pafupipafupi osalera. Chaka chikatha, kapena miyezi 6 ngati mayi wapitirira zaka 35, mupite nonse awiri kuchipatala, chifukwa vuto limapezekanso kwa abambo ndipo kuyeza mbewu yawo sikuvuta. Mukafika mutchule ngati munadwalapo matenda opatsirana pogonana, komanso likodzo. Ambiri a ife tinakula tikusamba ndi kuchapa m'madambo ndi m'ngalande, ndipo likodzo silithera m'chikhodzodzo mokha, limatha kuwononga ziwalo zoberekera za amayi ndi abambo omwe. Mankhwala ake, praziquantel, alipo. Mukadali kudikira, funsani mapiritsi a folic acid, 400 mcg patsiku. Amafunika kuyamba mimba isanakhale, chifukwa msana ndi ubongo wa mwana zimayamba kupangika m'masabata oyambirira, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima.

Ife mizere iwiri yeniyeni inadzatuluka m'mawa wina wa mu Juni, kukuzizira pang'ono, nditadikira masiku 8 chidumphire msambo. Wachiwiriwo unatuluka wakuda foni isanalire. Tinabwereza patatha masiku atatu, kenako tinapita kusikelo tonse awiri sabata yomweyo. Amayi ambiri kuno amadikira mpaka mimba ioneke poopa maso a anthu, koma sikelo imafunika kuyamba miyezi itatu yoyambirira isanathe. Kumeneko amayeza magazi, HIV ndi chindoko, amapereka neti ndi mapiritsi owonjezera magazi, ndipo kuyambira sabata ya 13 amayamba kupereka Fansidar woteteza ku malungo, amene kuno kuchigwa sasowa chaka chonse. Mukadwala malungo kapena china chilichonse nthawi imeneyi, uzani adokotala kuti muli ndi pakati asanakulembereni mankhwala. Popita mutenge buku lanu la kuchipatala, ndipo mukopere pakapepala deti ija ya kadontho komaliza pa kalendala, chifukwa anamwino akangokukhazikani pansi adzafunsa tsiku loyamba la msambo wanu womaliza, n'kuwerengera pamenepo tsiku loyembekezera kuchira.