Mukufuna kuthandiza banja lolera mwana kapena losamalira munthu waulumali? Yambani chonchi

Anthu ambiri akamva za ana oleredwa ndi mabanja ena kapena akuluakulu aulumali chomwe amathamangira ndi kupereka zovala ndi ndalama, nzabwino ndithu, koma mutafunsa mayi amene akulera mwana wa khunyu kapena bambo amene akusamalira mchimwene wake wosayenda akuuzani kuti chomwe akusowa kwambiri ndi munthu woti amulandireko maola angapo kuti naye apumeko. Mabungwe ena a m'madera omwe sagwira ntchito pofuna phindu ali ndi pologalamu yopumitsa osamalira, nde ngati mtima wothandiza muli nawo lowerani pamenepa.

Pezani bungwe lolembetsedwa kuboma ndipo muwafunse ngati ali ndi malamulo olembedwa oteteza ana. Akakupatsani mafomu, nkukufunsani kalata ya kupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu komanso mayina a anthu okudziwani bwino, musakhumudwe ayi, bungwe labwino limatero. Lomwe lingangoti bwerani mawa mudzakhale ndi ana osakufunsani kalikonse, lithaweni. Treningi yawo musajombe olo munalerapo kale ana anuanu.

Kenako nenani nthawi yomwe mungakwanitsedi, ndipo apa mpomwe pagona nkhani. Mwana amene anachotsedwa kwa makolo ake waona kale akuluakulu akubwera nkusowa, kubwera nkusowa, moti inu mukalonjeza Loweruka iye amakhala akuyang'ana kukhomo kuyambira m'mawa. Bola maola awiri sabata iliyonse kwa chaka chathunthu kusiyana nkubwera tsiku ndi tsiku mwezi umodzi kenako zii. Kafukufuku yemwe anayamba mu 2000 ku Bucharest m'dziko la Romania anapeza kuti ana omwe anatulutsidwa m'nyumba zosungira ana nkupatsidwa mabanja, makamaka asanakwane zaka 2, ankakula bwino m'nzeru kuposa anzawo otsalira, ndipo malangizo a United Nations a mu 2009 amati ana osakwana zaka 3 azileredwa m'banja. Koma banja lija likatopa nkugwa ulesi mwana uja amasamutsidwanso, nde maola anu awiriwo akuthandiza kuti mwanayo akhazikike pamalo amodzi. Zikadzavuta kuti musiye, uzani bungwe nthawi ilipo ndipo mukatsanzike bwinobwino kwa mwanayo.

Maulendo oyamba pitani wosamalirayo alipo, kope m'manja. Lembani kuti amene akusamalidwayo mankhwala amamwa nthawi yanji, chimamuopsa nchiyani, akakwiya amakhazikika bwanji, nambala za foni zoimba pakagwa vuto. Mwina mudzapeza mwana akubisa chakudya pansi pa pilo chonsecho m'nyumba chakudya chilipo, musamukalipire, anazolowera kusadziwa ngati mawa adya, ingouzani omulera. Musamufunse kuti makolo ako ali kuti kapena chinachitika nchiyani, akafuna adzanena yekha. Ndipo chonde zithunzi zake pa Facebook kapena pa WhatsApp ayi, ana ena anabisidwa dala kwa munthu amene ankawazunza.

Kwa wamkulu waulumali lankhulani ndi mwini wakeyo, osati kufunsa amene ali pambali kuti kodi akufuna chani iye ali pomwepo akumva, zimapweteka zimenezi. Ngati ali pa wilutcheya khalani pansi muziyang'anana, ndipo musaikankhe asanavomere. Wosamva muyang'aneni nkhope polankhula, phunziraniko chinenero chamanja cha m'dziko lanu poti chimasiyanasiyana m'mayiko. Pangano la United Nations la mu 2006 la ufulu wa anthu aulumali limanena kuti ali ndi ufulu wosankha kokhala ndi amene akhale naye, ndiye olo ntchito ikuchedwa musamulande, funsani kuti ndikuthandizeni pati.

Akagwa khunyu musamuike chilichonse mkamwa ndipo musamupanikize, chotsani zinthu zoti zingamuvulaze, ikani chofewa kumutu, mugonekeni cham'mbali nkuyang'ana wotchi. Zikapitirira mphindi 5, kapena zikabwereza asanatsitsimuke, imbani ambulansi.

Tsiku lina akadzakuzolowerani mwana kapena wamkulu uja akhoza kukuululirani kuti wina akumuchita nkhanza. Mvetserani modekha, muuzeni kuti wachita bwino kunena, koma musalonjeze kuti musunga chinsinsi chifukwa simungasunge. Musamupanikize ndi mafunso ndipo musapite kukakumana ndi wotchulidwayo nokha. Lembani mawu ake momwe wawanenera, tsiku ndi nthawi, nkukapereka tsiku lomwelo kwa amene amaona zoteteza anthu ku bungweko, ndipo ngati moyo wake uli pachiswe imbani kupolisi pompo.