Masamba a indian almond si hita, abale anga

Chisanu chino cha June ndi July ndalowa m'nyumba zingapo kuno ku Joni, ku Yeoville, Rosettenville mpaka ku Diepsloot kwa anzathu amene ayamba kuweta ma betta, tinsomba tokongola toweta m'nyumba, ndipo paliponse ndikupeza zomwezo. Botolo la mayonezi lili pawindo, madzi ali bii ngati tiyi wa Chombe woiwalika pamoto, nsomba ili phee pansi zipsepse itazipinda, mwini wake nkumandiuza monyadira kuti "ndathira masamba, achimwene, ili pa mankhwala." Mankhwala ake ati? Nsomba ikufa ndi kuzizira inu mukuithira masamba?

Masambawo si oipa ayi, inenso ndimathira. Betta kwawo ndi ku Thailand ndi maiko oyandikana nawo, m'madimba a mpunga ndi m'zithaphwi momwe masamba amagwera nkuwolerana, nde tsamba louma la mtengo wa indian almond likalowa m'madzi limatulutsa mankhwala achilengedwe otchedwa tannin amene amafiiritsa madzi, kutsitsako pH (muyezo wa asidi m'madzi, ikatsika ndiye kuti asidi wachuluka) pang'ono ndi kuchepetsako chuku pa mazira, komanso nsomba imakhala modekha poti kuwala sikuithobwa m'maso. Yaimuna imakondanso kumanga chisa chake cha thovu pansi pa tsamba loyandama. Koma kwawoko nkotentha, madzi amene betta imafuna ndi a madigiri 24 mpaka 28, ndipo pofuna kuswetsa musatsike pa 26. Kuno ku Joni tili pamwamba, mamita opitirira 1,700, usiku wa July panja pamafika pafupi ndi ziro, nanga ka backroom ka malata kaja m'bandakucha mumatentha bwanji? Inu mwafunda mabulangete awiri, nsomba mwaisiya pawindo ndi tsamba.

Ikazizidwa chonchi imasiya kudya, chakudya chija chimagwa pansi nkuwola, thupi limafooka, kenako mumaona timadontho toyera ngati mchere pathupi pake kapena mchira wokongola uja uyamba kunyenyeka m'mphepete ngati wadyedwa ndi njenjete. Nde apa mpamene chimandikwiyitsa, munthu akaona zimenezi m'malo mogula hita yotenthetsa madzi amawonjezera masamba ena atatu, madzi nkudetseratu moti nsombayo simukuionanso, ndowe zake ndi zotsala za chakudya simukuziona, ndipo poti "mankhwala angatayike" kusintha madzi mwasiya. Amoniya, poizoni wochokera ku ndowe ndi zowolazo, akuchuluka m'kabotolo ka malita awiri, tsamba lenilenilo likuwoleranso momwemo. Ndalama yogulira nsomba yapita, ya masamba yapita, miyezi itatu yodyetsa yaikazi kuti ikhale ndi mazira yapita, September akafika muyambirenso kugula.

Pali bambo wina wa ku Mangochi amagwira ntchito ya m'garden ku Randburg, munthu wakhama ndithu, mu February anaswetsa bwinobwino tiana tambiri mpaka anagulitsako kwa anzake. Mu July anati abwereze. Anaika masamba asanu ndi limodzi mu thanki ya malita 10, yaimuna thovu osamanga, ataikakamiza poikamo yaikazi zinangolumana basi, yaikazi nkutuluka mchira uli mbwee. Nditawafunsa za hita anandiyankha kuti "aphunzitsi, kwathu kunyanja ndani anaikirapo nsomba hita?" Ndinaseka koma zinandiwawa. Bambo, nyanja yathu ija ngakhale nthawi ya mwera madzi ake amakhala pamwamba pa madigiri 20, ndi chimadzi chambiri chosazizira usiku umodzi, osati kathanki kanu kali pasimenti. Ndipo poti tatchula za kunyanja, amene mukusunga mbuna musayerekeze kuzithira masamba amenewa, zija zimafuna madzi a pH yokwera ngati akwathu, tsamba ndi la betta.

Enanso akumatola masamba mumsewu, a jacaranda, a mtengo uliwonse, ena aawisi kumene, poti indian almond samera kuno chifukwa cha chisanu, umafuna kotentha ngati ku Durban. Mumsewu muli utsi wa ma taxi, mafuta, mankhwala opopera udzu, zonsezo mukukazithira kwa nsomba ya chala chimodzi. Za chizolowezi cha "agogo ankatero" tiyeni tizisiye ku munda wa chimanga, ndipo ngakhale kumeneko tinazisiya kale.

Chochita nchachidule. Gulani hita ya 25W kapena 50W yokhala ndi thermostat (yodzizimitsa yokha madzi akafunda mokwanira) pamodzi ndi ka thermometer, nsomba ichoke m'botolo ilowe mu thanki ya malita 15 kapena 20, ichokenso pawindo, pansi pake ikani thabwa kapena kaylite (chofewa choyera chija amatetezera nacho katundu m'makatoni). Tsamba limodzi louma lotsuka likwanira, madzi aoneke ngati tiyi wopepuka woti nsomba mukuiona mbali zonse, likayamba kufumbutuka lichotseni. Masamba akasowa kasacheti ka tiyi wa rooibos weniweni wopanda zokometsera kamathandiza. Sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi sabata iliyonse, atsopanowo akhale ofunda mofanana ndipo muthire dechlorinator, mankhwala ochotsa chlorine, poti madzi a mpopi a kuno ali ndi chloramine, mankhwala ophera tizilombo amene sachoka pongowagoneka mu ndowa. Thanki ivindikireni makamaka muli tiana, poti betta imapuma mpweya wa pamwamba ndipo wozizira umapha tianato. Magetsi akazima kutirani thanki ndi bulangete. Amene mulibe hita za kuswetsa dikirani October.