Momwe mungazindikirire nkhani za nyambo za makomiki bandulo isanathe

Aliyense wotsatira makomiki, mabuku a nkhani zojambula aja a Marvel, DC, Image ndi makampani ena, anakumanapo nazo. Mnzanu waponya linki m'gulu la WhatsApp, mutu wake ukuti ngwazi ina yotchuka yaphedwa ndipo oikonda akwiya koopsa. Inu n'kudina. Tsamba likuchedwa kutseguka, kanema wotsatsa malonda wayamba kudziyimba yekha, bandulo nayo ikutsika. Ndime yoyamba ikukuuzani zomwe mukudziwa kale, yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu ikukamba za filimu ya zaka khumi zapitazo. Dzina la ngwaziyo mukalipeza pansi penipeni, ndipo okwiya aja ndi anthu atatu omwe analemba timawu pa X.

Pachingerezi amati clickbait. Ife tingoti nyambo, poti ntchito yake ndi yomwe ija ya nyongolotsi pa mbedza. Masamba ambiri oterewa salipiritsa owerenga. Ndalama amazipeza kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsawo amalipira molingana ndi kuchuluka kwa anthu omwe aona malonda awo. N'chifukwa chake tsamba limafuna mudine, mutsike mpaka pansi, mudinenso china. Zimandiwawa chifukwa komiki iliyonse ili ndi manja a anthu: wina analemba, wina anajambula, wina anapaka mitundu, wina anaika zilembo, koma m'nkhani zoterezi mayina awo nthawi zambiri satchulidwa n'komwe. Nazi njira zomwe ndimatsata, ndipo zambiri sizikudyerani ngakhale mphindi ziwiri.

1. Uwerengeni mutu musanaukhudze

Dzifunseni funso limodzi: mutuwu wandiuza nkhani kapena wandibisira? Mutu wa mtolankhani weniweni umatchula dzina la munthu, dzina la buku ndi chomwe chachitika. Wa nyambo umabisa dzina dala, n'kungoti "ngwazi iyi" kapena "mdani wina wamphamvu". Poti masambawa amalemba m'Chingerezi, pali timawu toyenera kutchera khutu: "reportedly", "rumor", "could", "might", "fans think". Tonseti tikutanthauza kuti wolembayo sakutsimikiza. Mutu wothera ndi chizindikiro cha funso nawonso ndi wokayikitsa, chifukwa wolemba akanakhala ndi yankho akanalinena pamutu pomwepo.

2. Dziwani mwini tsamba

Tsikani pansi pa tsamba, pomwe pamalembedwa timalemba ting'onoting'ono, muone kampani yomwe ili mwini wake. Izi n'zofunika chifukwa dzina lomwe munkalikhulupirira kale likhoza kukhala lomwelo koma m'nyumba mutalowa anthu ena.

Comic Book Resources, yomwe lero imangotchedwa CBR, anaiyambitsa Jonah Weiland chapakati pa zaka za m'ma 1990. Kwa zaka pafupifupi 20 linali bwalo lomwe olemba ndi ojambula ankachezapo mozama za ntchito yawo, ndipo linalandira kangapo mphoto ya Eisner, mphoto yotchuka ya makomiki ku America. Mu 2016 Weiland analigulitsa ku Valnet, kampani ya ku Montreal m'dziko la Canada, yomwe ilinso ndi Screen Rant, Collider ndi Game Rant. Kuchokera apo nkhani za mndandanda, zija za zinthu 10 zomwe simunkadziwa, zinachuluka, ndipo mafilimu ndi anime zinatenga malo aakulu. ComicsAlliance, tsamba lina la nkhani za makomiki, inatsekedwa ndi kampani ya AOL, yomwe inali mwini wake, mu 2013, inadzuka pansi pa Townsquare Media, n'kugonanso mu 2017. Newsarama, yomwe inali m'gulu la masamba akale kwambiri, mu 2020 inalowetsedwa mkati mwa GamesRadar+, tsamba la masewera a pa kompyuta la kampani ya Future.

Ndiye mukaona nkhani imodzi pa masamba atatu, musafulumire kunena kuti pali mboni zitatu. Mwina onsewo ndi a bambo mmodzi, ndipo atunga pachitsime chimodzi. Sindikunena kuti kumeneko kulibe olemba abwino. Brian Cronin wakhala zaka zambiri pa CBR akufufuza mphekesera zakale za makomiki m'ndime yake ya Comic Book Legends Revealed, ndipo amaonetsa komwe wapeza umboni. Tsatani dzina la munthu wotere, osati chikwangwani cha tsamba.

3. Itsateni nkhani mpaka komwe inabadwira

Mukaiwala zina zonse, ili lokha musaliiwale. Nkhani iliyonse ili ndi gwero, ndipo m'dziko la makomiki magwero odalirika ndi owerengeka: chilengezo cha kampani yosindikiza, kucheza ndi wolemba kapena wojambula mwini wake, zomwe iyeyo walemba pa tsamba lake, kapena buku lenilenilo.

Mukatsegula nkhani, musayambe ndi kuwerenga. Yambani ndi kufufuza linki yomwe ikuti nkhaniyi yachokera kwakuti. Nthawi zambiri imakhala m'ndime yachiwiri kapena pansi penipeni. Idineni. Ikakutengerani ku nkhani ina ya tsamba lomwelo, nayo n'kukutumizani ku inzake, mukuzunguzidwa basi, tulukani. Ikakufikitsani pa Reddit, pa YouTube kapena kwa munthu wa pa X yemwe akuti wamva kwa "anthu a mkati" osatchulidwa mayina, dziwani kuti mwagwira mphekesera. Mphekesera zina zimadzakhala zoona, inde, koma muziitchula mphekesera mpaka itatsimikizika.

Pomwe pamafunika chidwi kwambiri ndi pa mawu a anthu. Mlembi akhoza kufunsidwa pa podcast ngati angakonde kudzalemba nkhani ya ngwazi inayake, iye n'kuyankha mwaulemu kuti angakonde tsiku lina. Mawa lake mutu ukutuluka wonena kuti mlembiyo walonjeza buku latsopano. Mawu sanasinthidwe, koma funso lomwe linawabala ladulidwa. Choncho kopani chiganizo chimodzi cha mawuwo, chiikeni pa Google mkati mwa zizindikiro za mawu ogwidwa, kenako fufuzani tsamba lomwe linachilemba poyamba. Kumeneko werengani funso ndi yankho lonse. Kawirikawiri mupeza kuti kucheza koyambako n'kosangalatsa kuposa nkhani yodulidwayo, chifukwa muli zambiri za momwe bukulo linapangidwira. Linki ikakhala yakufa, monga zimakhalira ndi masamba omwe anatsekedwa kapena kusamutsidwa, iikeni mu Wayback Machine ya Internet Archive, tsamba losunga makope akale a masamba a pa intaneti, mwina inasungidwa.

Pa nkhani za mafilimu ochokera m'makomiki, zoti wakutiwakuti wapatsidwa gawo, onani ngati masamba akuluakulu a nkhani za mafilimu, Variety, The Hollywood Reporter kapena Deadline, alemba. Nkhani yaikulu sibisala. Pomwe Marvel inkalengeza kuti Robert Downey Jr. adzasewera Doctor Doom, mu July 2024, anatulukira yekha pa nsanja ku San Diego Comic-Con, msonkhano waukulu wa makomiki, anthu masauzande akuona. Umo ndi momwe chilengezo chimaonekera.

4. Imfa ya ngwazi isakusowetseni tulo

Palibe nyambo yokoma ngati maliro. Superman anafa kumapeto kwa 1992, manyuzipepala padziko lonse analemba, ndipo mu 1993 anali atabwerera. Captain America anawomberedwa mu March 2007, mu 2009 anabweranso. Kamala Khan, Ms. Marvel uja, anafa mu May 2023 ndipo pofika July chaka chomwecho anali wamoyo. Mu May 2016 intaneti inatentha moto Steve Rogers, Captain America yemweyo, ataoneka kuti ndi wa gulu loipa la Hydra. Anthu anatukwana mlembi, Nick Spencer, ndipo mwezi wotsatira buku lachiwiri linafotokoza kuti mbiri ya Steve inasinthidwa ndi mphamvu ya chida chodabwitsa chotchedwa Cosmic Cube.

Apa tisaloze chala masamba okha. Makampani osindikiza nawo amadziwa kuti phokoso limagulitsa, ndipo amapereka okha nkhanizi kwa atolankhani. Za imfa ya Captain America zinatuluka mu New York Daily News m'mawa wa tsiku lomwe bukulo linkafika m'masitolo. Makomiki ambiri a ngwazi amatuluka chigawo chimodzi pamwezi, ndipo peji lomaliza la chigawocho amalipanga dala kuti musiyidwe m'malere. Tsamba la nyambo limatenga chithunzi chimodzi cha pamapeto paja n'kuchisandutsa nkhani ya mawu 600. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Dikirani chigawo chotsatira musanayambe kukangana ndi anzanu.

Pali chida china chomwe ambiri sachidziwa. Mwezi uliwonse Marvel, DC ndi anzawo amatulutsa mndandanda wa mabuku omwe adzatuluke miyezi iwiri kapena itatu kutsogolo, kuti eni masitolo aitanitsiretu. Amautcha solicitations. Muli chikuto, mayina a wolemba ndi wojambula, mtengo, tsiku ndi chidule cha nkhani. Lembani pa Google dzina la kampani, mwezi, chaka ndi mawu amenewa, mupeza mndandanda wonse pa tsamba limodzi. Nkhani zambiri zomwe mudzaone milungu ikubwerayi zidzabenthulidwa pamenepa, chimodzichimodzi, chilichonse ndi mutu wake wodzidzimutsa. Mukauwerenga nokha kamodzi, mwapulumutsa bandulo ya mwezi wonse.

5. Onani wolemba ndi tsiku

Dinani dzina la wolemba. Ngati watulutsa nkhani zisanu ndi zitatu lero lokha, za makomiki, za masewera ndi za mafilimu, sanapeze nthawi yowerenga buku lomwe akukamba. Musamunyoze, ambiri ndi aganyu olipidwa pa nkhani iliyonse, koma musamutenge ngati katswiri. Ngati palibe dzina la munthu, chenjerani kwambiri. Mu July 2023 tsamba la Gizmodo linaika pa io9, gawo lake la nkhani za mafilimu ndi makomiki, mndandanda wa mafilimu a Star Wars wolembedwa ndi AI, ndipo unali ndi zolakwika zomwe akonzi a io9 eni ake anadandaula nazo poyera. Tsiku nalo lioneni, poti masamba ena amangosintha deti pa nkhani yakale kuti ioneke ya lero.

6. Manambala a malonda afunseni komwe achokera

Mitu yonena kuti makomiki akufa, kapena kuti buku lakuti lagwa chagada, imabwera pafupifupi sabata iliyonse. Kwa zaka zambiri Diamond Comic Distributors ndiyo inkagawa pafupifupi makomiki onse m'masitolo a ku America, ndipo ziwerengero zake zinkatuluka mwezi ndi mwezi. Ngakhale nthawi imeneyo, manambalawo ankaonetsa zomwe masitolo aitanitsa, osati zomwe owerenga agula. DC inachoka ku Diamond mu 2020, Marvel inasamukira ku Penguin Random House mu 2021, ndipo mu January 2025 Diamond inapita kukhoti kukapempha chitetezo chifukwa cha ngongole. Lero palibe dengu limodzi lomwe muli manambala onse. Munthu akakuuzani molimba mtima kuti buku lagulitsa makope akutiakuti, afotokoze wawatenga kuti. Masamba a ICv2 ndi Comichron (lachiwirili ndi la John Jackson Miller) ndi omwe amasonyeza bwino chomwe akuwerenga ndi chomwe sakuchiwerenga. Komanso onena kuti makomiki akufa nthawi zambiri amaiwala manga a ku Japan ndi makomiki a ana, omwe amagulidwa kwambiri m'masitolo a mabuku.

7. Iphunzitseni foni yanu

Foni imakupatsani zomwe mumadina. Pa nkhani zomwe Google imakuikirani mukatsegula Chrome, dinani timadontho titatu tili pambali pa nkhani, musankhe kuti isakuonetseninso za tsamba limenelo. Pa Facebook chitani chimodzimodzi, ndipo musalembe ndemanga yotsutsa pa nkhani ya nyambo, chifukwa makina amawerenga ndemanga yaukali ngati chidwi n'kuifalitsa kwa anthu enanso.

M'malo mwake sungani masamba ochepa omwe mudzipitako nokha. The Beat, yomwe Heidi MacDonald anayambitsa mu 2004, imalemba za bizinesi ndi za anthu opanga makomiki. The Comics Journal ya Fantagraphics, yomwe inayamba m'zaka za m'ma 1970, ili ndi zocheza zazitali komanso kuunika mabuku mosanyengerera. SKTCHD ya David Harper imadalira owerenga olipira, choncho siifunika kukukolani ndi mutu. Bleeding Cool ya Rich Johnston imakonda mphekesera ndipo zina imazitulutsa ena asanazimve, koma iwerengeni mukudziwa kuti ndi zomwe mwapitira. Olemba ndi ojambula ambiri alinso ndi makalata awo a pa imelo, aulere, opanda makanema otsatsa. Za makomiki a kuno ku Africa, monga a Comic Republic ku Nigeria kapena Kwezi wa Loyiso Mkize ku South Africa, masamba akuluakulu aja salemba pafupipafupi, ndiye atsateni eni akewo mwachindunji.

Mnzanu akadzaponyanso linki ya nyambo m'gulu, musaitumize kwina. Tsatani gawo lachitatu lija, mupeze komwe nkhani inachokera, kenako muyankhe ndi linki ya gwerolo pamodzi ndi mzere umodzi wonena dzina la buku, nambala yake, amene analemba ndi amene anajambula.