Posankha mfuti ya m'chiuno ya msilikali, yambirani apa

Pa bawo pathu pa Lizulu, mkangano woti mfuti yabwino ndi ya zipolopolo zonenepa za .45 kapena ya zocheperako za 9mm sukutha chaka chino. Ine ndinavalapo yunifolomu, ndiye imvani poyambira.

Musathamangire kunenepa kwa chipolopolo. Yambani mwawerenga zimene zimalowa m'magazini, kabokosi kosungira zipolopolo m'mfuti. M1911 ija ya .45, imene asilikali a ku America anayamba kunyamula mu 1911, imatenga 7 zokha. Beretta M9 ya 9mm, imene inailowa m'malo mu 1985, imatenga 15. Glock 17, nayonso ya 9mm, imatenga 17.

Mukatero igwireni mfutiyo, muone ngati chala chikufika powombera popanda kupotoza dzanja. Mnzanga wina wa ku Tsangano, timanja take ngati ta mwana wasukulu, ankati akawombera mfuti inkadumphira m'mwamba, chipolopolo chachiwiri n'kulowera kutchire. Tinkamuseka, koma vuto linali chogwirira chachikulu. Ya .45 imakankha kwambiri, pomwe 9mm imabwerera msanga pamalo pamene munaloza.

Achimwene ena amati .45 ikangogunda kamodzi munthu wagwa. Ine zimenezo ayi. Chimene chimagwetsa ndi malo amene mwalasa.

Funsaninso kuti zipolopolo zikatha mukapempha kwa ndani. Mayiko a NATO, mgwirizano wa zankhondo wa mayiko a ku Ulaya ndi North America, anagwirizana pa 9mm, ndipo ndi yofala m'magulu ankhondo ambiri.

Kwatsala kuona ngati mfutiyo ndi yosavuta kupukuta ikalowa fumbi la mu Okutobala. Chotsani magazini, onetsetsani kuti mulibe chipolopolo, iphwasuleni, ipukuteni, muibwezeretse. Ikakutayitsani nthawi ndi tizidutswa togwera m'mchenga, isiyeni.