Kalondolondo wa mbiri ya Dynamo Kyiv kwa ochemerera DeMbare

Kuno ku Harare zimanenedwa kuti timu ya mpira ya Dynamos, yotchedwanso DeMbare, yomwe inayamba mu 1963 ku Mbare, inatengera dzina lake ku Dynamo Kyiv ya ku Ukraine. Koma mkangano ukabuka ku bwalo la Rufaro kapena m'kombi ya ku Mufakose, zaka ndi zikho za timu ya ku Kyiv ija zimangosakanizidwa. Kuti muiyale bwino mbiriyi, tengani pepala muligawe patatu: nthawi ya Soviet Union, nthawi ya Ukraine wodzilamulira, ndi mipikisano ya ku Ulaya. Pofufuza pa intaneti lembani Kyiv komanso Kiev, poti zolemba zakale zili m'kalembedwe kachiwiriko, ndipo musatole za Dynamo Moscow kapena Dinamo Tbilisi, amenewo ndi matimu ena.

M'gawo loyamba yambani ndi 1927, pamene timuyi inakhazikitsidwa pansi pa bungwe la masewera la apolisi lotchedwa Dynamo. Ligi ya Soviet inayamba mu 1936, ndipo Kyiv sinatsikepo mpaka ligiyo inatha mu 1991. Ukatswiri woyamba unabwera mu 1961, ndipo kanali koyamba kuti chikho cha ligi chituluke mu mzinda wa Moscow. Zikho za ligi zonse pamodzi ndi 13, kuposa Spartak Moscow yomwe ili ndi 12. Nyengo ya Soviet inkathera m'chaka chimodzi, choncho lembani chaka chokha, osati 1974/75.

Samalani kwambiri pa masewera a pa 9 Ogasiti 1942. Amene anagonjetsa asilikali a Germany a Flakelf 5-3 ndi timu ya FC Start, momwe munali osewera a Dynamo ndi a Lokomotyv. Nkhani yoti osewera a FC Start anaomberedwa atangotuluka m'bwalo si yoona. Anamangidwa patapita masiku, ndipo ena anaphedwa ku ndende ya Syrets mu Febuluwale 1943. Anthu amenewa anafa imfa yowawa, n'chifukwa chake tiyenera kulemba zimene zinachitikadi.

Gawo lachiwiri lili ndi msampha pachiyambi pomwe: akatswiri oyamba a Ukraine mu 1992 anali Tavriya Simferopol. Dynamo inatenga ligi kasanu ndi kanayi motsatizana kuyambira 1993 mpaka 2001, Shakhtar Donetsk isanayambe kuilanda mpando.

Gawo la ku Ulaya ndilo lokoma, ndipo lonse lazungulira mphunzitsi Valeriy Lobanovskyi. Mu 1975 a Dynamo anaswa Ferencváros 3-0 ku Basel n'kutenga Cup Winners' Cup, mpikisano wa matimu omwe anatenga zikho m'maiko awo, kenako anagonjetsa Bayern Munich mu Super Cup, zigoli zonse zitatu atamwetsa Oleg Blokhin. Mu 1986 anabwereza chikho chomwecho pothambitsa Atlético Madrid 3-0 ku Lyon. Chikhochi chinathetsedwa mu 1999, musachilembe ngati Champions League kapena Europa League. Mu Champions League yeniyeniyo anafika semifainolo mu 1999, pomwe Bayern inawatulutsa 4-3 pophatikiza masewera awiri.

Pa Ballon d'Or, mphotho ya wosewera wopambana pa chaka, a Dynamo ndi Blokhin mu 1975 ndi Igor Belanov mu 1986. Andriy Shevchenko, uja anamwetsa zitatu ku Camp Nou, bwalo la Barcelona, mu 1997, analandira yake mu 2004 ali kale ku AC Milan, ndiye mumuike pambali.