Pogona pa ulendo wa ku Bruges

Mahotela a pakati pa Bruges, kamzinda kakale ka ku Belgium, anali atadzaza Loweruka lomwe ndinkafuna, ndipo otsalawo mitengo yake inali yoboola m'thumba. Ndinasungitsa chipinda ku Ghent, komwe sitima imatenga pafupifupi theka la ola kukafika ku Bruges. Sutikesi ndinaisiya komweko, zomwe zinandipeputsa kwambiri, chifukwa misewu ya ku Bruges ndi yoyala miyala ndipo timateyala timangokakamira m'mipata.

Ndinakwera sitima ya m'mamawa n'kufika pabwalo la Markt anthu asanachuluke. Nsanja ya Belfort, ya masitepe 366, ndinayamba nayo: kumtunda njira imapanikiza, moti masana mumalimbirana ndi otsika. Bwato la m'ngalande ndinakwera chakumadzulo, mzere utachepa.